Tsiku Limene Ndinavala Chikhoti cha Malume

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita pa tsiku loika maliro a malume chinali kuvala chikhoti cha malemuwo.

Sindinachite dala. Unali mwezi wa Juni, chaka chimene asilikali ankabwerako ku nkhondo yachiwiri, ndipo kwathu, m'midzi ya njira ya ku Chipangali, Juni saseka ndi munthu. Amuna tinagona panja pamoto monga mwa mwambo, akazi ali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi thupi. Moto unali utazilala, chisanu chitandilowa m'mafupa. Ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinakoleka chikhoti changa pakhonde, ndiye ndinapapasa mumdima, dzanja linagwira nsalu yokhuthala, ine n'kuvala. Sindinadziwe kuti akazi, potulutsa katundu m'nyumba kuti olira akwanemo, anakoleka cha malume pa chikhomo chomwecho, pamwamba pa changa.

Zikhoti ziwirizo zinali za mtundu umodzi, zonse za asilikali. Changa ndinagula chakale ku Fort Jameson, komwe lero mukuti Chipata. Chawo malume anabwera nacho ku nkhondo yoyamba, kumene anali wamtengatenga. Kusiyana kwake kunali kwakuti malume anali chimunthu chachitali, pamene ine msinkhu wanga ndi wa mtondo. Manja a chikhoticho anandimeza zala, m'munsi mwake munkakwekwereza udzu. Ine, munthu wowerenga mabuku, ndinangoti mumtima kuzizira kumafupikitsa munthu.

Ndiyambe ndanena za kuwerengako, pakuti ndiko kunandigwetsa. Sukulu ndinaipondako miyezi yowerengeka. Zotsalazo ndinaphunzira ndekha, pa zitini ndi pa masaka, ndikugwira ntchito m'sitolo ya bambo wina wachisilamu wochokera ku Nyasalande. Sopo ndi mchere tinkakulunga m'mapepala akale otayidwa ku boma, ndipo pepala lililonse ndinkayamba ndaliwerenga ndisanakulungire. Ogula ankadikira mchere wawo ine ndili kalikiliki ndi Chingerezi. Tsiku lina ndinapeza tsamba lothothoka m'buku la malamulo. Theka la m'munsi linali litadyedwa ndi chiswe, koma la m'mwamba linkanena momveka kuti palibe munthu wokakamizidwa kulandira chuma cha masiye, wosachifuna ali ndi ufulu wochikana. Ndinalipinda bwinobwino n'kulisunga m'thumba, ngati mankhwala.

Malume atamwalira ndinadziwa kuti tsambalo lapeza ntchito. Mwa mwambo wathu chuma cha munthu sichipita kwa ana ake, chimapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo mwa adzukulu a m'mimba ya amayi wamkulu ndinali ine. Chumacho chinali ng'ombe ziwiri zolimira, pulawo, nkhokwe yodzaza, ndi munda wa kudambo. Pamodzi ndi zimenezi panali mkazi wa malume, aNambewe, amene anatengedwa chitengwa kuchokera kutali, ndi ana awo atatu. Ine ndinali nditakwatira kale ku tchalitchi, ndipo ndinkaopa kuti akandiuza za chokolo ansembe andiletsa kulandira masakramenti. Ndinaganiza kuti ndikakana, zonse zitsala m'manja mwa aNambewe, ine ndituluka woyera, anthu n'kumati onani mwana wophunzira, sanalande za amasiye. Mawu otsirizawa ndiwo ankanditsekemera kwambiri, ndisaname. ANambewe sindinawafunse kanthu. Amene ndinawauza anali aTembo, a nyumba yoyandikana ndi ya malume, omwenso anali mkulu wa okumba manda. Ndinawawerengera tsambalo madzulo a dzulo lake, m'Chingerezi kaye, kenaka m'chinenero chathu. Anamvetsera, anakanda ndevu, anati kukuzizira, n'kupita.

Kum'mawa kutayamba kufiira, akulu anandituma kukapereka makasu ena awiri kumanda. Kudambo kunali nkhungu yoyera, mame akunyowetsa mapazi. Akazi ena anali atayamba kale kubwera ndi mitolo ya nkhuni ndi mitsuko pamutu, ndipo ndinaona kuti pondilambalala ankagwada pang'ono kuposa masiku onse. Ndinati ndi ulemu wa pamaliro, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri.

Kumanda ndinapeza dzenje litafika m'mawondo. Okumba manda, inu mukudziwa, ndi okhawo ali ndi chilolezo choseka pamaliro, ndipo anali akusekadi. Atandiona anaimika makasu. ATembo anatsamira khasu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumene chikhoti chinkathera, n'kuti:

“Mwafika bwino, eni chikhoti. M'thumba la kumanjalo mulibe kanthu koti anthu atenthetse mphuno?”

Ndinapisa dzanja ndikuyembekeza kugwira tsamba langa. Ndinagwira kanyanga ka mbuzi kotsekera ndi chimtengo, kamene mudzi wonse unkakadziwa, ka fodya wa m'mphuno wa malume. Pomwepo ndinamva fungo lawo pakhosi pa chikhoticho, utsi ndi thukuta la ng'ombe, ndipo ndinazindikira kuti ndavala chikhoti cha malemu.

Choyenera chinali chapafupi: kunena kuti pepani, ndalakwitsa mumdima. Koma amuna asanu ndi mmodzi anali atatambasula kale zikhatho zawo zadothi, ndipo ine ndinali yemwe uja wowerenga Chingerezi. Munthu wotere angavomere bwanji kuti sazindikira chikhoti chake? Ndinatsekula kanyangako n'kuthira aliyense pang'onopang'ono, nkhope nditaiumitsa ngati ndinakonzeratu. Anayetsemula motsatizana, anathokoza, n'kubwerera m'dzenje.

Ndinabwerera kumudzi mothamanga kuti ndikavule anthu asanachuluke. Njira ya kukhonde inkadutsa pakhomo pa siwa, ndipo chitseko chinali chochotsa. ANambewe anali atakhala pamphasa kumutu kwa thupi, nsalu atamanga m'mimba, mawu atawathera. Anakweza maso n'kundiona. Kulira anasiya. Anayang'ana chikhoticho nthawi yaitali, kenaka anaomba m'manja pang'onopang'ono, kawiri, mosamveka kwa wina aliyense. Ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinatembenuza nkhope, ndinakavulira kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba, n'kuchibwezera pa chikhomo chake.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kusefukira. Ankabwera m'mizere m'tinjira ta m'minda yokolola kale, amuna patsogolo, akazi pambuyo, ndipo akafika pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi akaziwo ankayamba kulira ngati wina wawapatsa chizindikiro. Kuseri kwa nyumba moto unayaka pa mafuwa asanu ndi awiri, utsi wake ukukwawa pansi chifukwa cha mphepo ya mwera imene inayamba kuomba. Wina anapha mbuzi, wina anabwera ndi dengu la nyemba, mayi wina wokalamba anabwera ndi maungu awiri okha n'kuwaika pansi mwaulemu ngati ng'ombe. A chikatolika anzathu anakhala mbali ina ndi makorona awo, a mpingo wa ku Tamanda, kumene malume anakagonekedwa m'chipatala masiku awo otsiriza, anakhala mbali inayo, ndipo nyimbo zinkasinthana popanda kulimbana. Bwana wanga wa kusitolo anafika pa njinga, fumbi lili mbuu m'ndevu, atanyamula nsalu yoyera yokulungira thupi. Malume ankamugulitsa mtedza chaka ndi chaka. Anakhala payekha pamthunzi, sanadye, koma sanachoke mpaka zonse zitatha.

Anafikanso Jailosi, mwana wa amayi aang'ono, wonditsatira pa mzere wa adzukulu. Anali pa tchuthi kuchokera kumigodi, atavala nsapato zonyezimira ndi chipewa chopendeka. Analira pakhomo mokweza monga kuyenera, kenaka ndinamuona ali kukhola, akuyang'ana ng'ombe m'kamwa.

Thupi linatuluka dzuwa litapendeka pang'ono. Mphunzitsi wa katekisimu anatsogola ndi mtanda wa nsungwi, onyamula akusinthana pa mapewa osaima, ife achibale pambuyo. Mphepo inkaulutsa makoko a chimanga n'kumatimenya nawo m'miyendo. Podutsa pa munda wa kudambo onyamula anachepetsa liwiro popanda wowauza. Mizere imene malume analima ndi pulawo inali ikuonekabe, yowongoka ngati yojambula, ndipo mwana wawo wamkazi wamkulu analira pamenepo kuposa kumanda. Kumandako zinayenda mwachangu. Ndinaponya dothi langa, ndinamva likugwa pa mphasa, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala tsamba, chikhoti ndi ulemu wanga, ndinangokumbukira kuti munthu uyu ndiye anandigulira sileti yoyamba.

Nkhani ya chuma imadikira tsiku la kumeta, koma Jailosi anati galimoto yake ya ku Lusaka inyamuka mkuja, ndipo akulu anagwirizana kuti wolowa m'malo atchulidwe tsiku lomwelo. Titasamba m'manja tinakhala pansi pa mango uja. Wotsogolera anali mlongo wa agogo, nkhalamba yosaona bwino, yolankhula motsitsa. Panalinso kalaliki wa bwalo la milandu la mfumu yaikulu, amene anabwera ngati wolira wamba poti anakwatira m'mudzimo. ANambewe anakhala chapatali pakati pa akazi, ana atawatsamira.

Nkhalamba ija inatchula dzina langa. Ndinaimirira, ndinatulutsa tsamba, ndinakonza kukhosi. Ndinawerenga m'Chingerezi, pang'onopang'ono kuti aliyense amve kuti ndi Chingerezi, kenaka ndinamasulira. Ndinati ine, pamaso pa onse, ndikukana chuma cha malume, ng'ombe, pulawo, nkhokwe ndi munda, ndipo zonsezi zitsale kwa aNambewe ndi ana. Ndinakhala pansi n'kudikira kung'ung'udza kwa chiyamiko.

Kunangomveka mphepo m'masamba.

Kalaliki uja anapempha tsambalo, analitembenuza, analoza m'munsi modyedwamo, n'kundifunsa mofatsa:

“Aphiri, kotsalaku kuli kuti?”

“Chiswe, bambo.”

“Chiswecho chinadya kofunika.”

Anafotokoza osakweza mawu. Anati pa nkhani iyi lamulo la azungu ndi la makolo athu amayenda njira imodzi. Kukana munthu akhoza kukana, palibe womumanga. Koma wokana amaonedwa ngati sanabadwe. Sangakane ndi dzanja limodzi, linalo n'kumaloza kumene chumacho chipite, pakuti wogawa ndi mwini, ndipo iye wanena yekha kuti si mwini. Chimadumpha iyeyo n'kugwera womutsatira.

Anthu onse anatembenukira kwa Jailosi. Iye anavula chipewa, osati mwaulemu, koma ngati munthu amene wamva kutentha.

“Ine sindikana za malume anga,” anatero. “Achimwene ndi ophunzira, ife ndife osauka.”

Sanabise maganizo ake, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza kuposa mmene ndimadzilemekezera. Anati iye kumudzi sakhala, ng'ombe adzazigulitsa kwa opha nyama ku Fort Jameson, pulawo ali naye kale woifuna, ndipo mayiwa asudzulidwe bwinobwino tsiku la kumeta abwerere kwawo ndi ana awo, poti ana ndi a kuchikazi. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti kwawo kwa aNambewe kunalibenso. Mudzi wawo unasamutsidwa kalekale malo atatengedwa kukhala minda ya fodya ya azungu, abale anabalalika, amayi awo anafera m'njira za kusamukako.

Ndinaimiriranso, tsopano popanda Chingerezi. Ndinati sindimatanthauza zimenezo, ndikubweza mawu anga. Jailosi anaseka n'kufunsa ngati malovu olavulidwa pabwalo amabwerera m'kamwa. Kalaliki anagwedeza mutu mwachisoni, anati mawu anenedwa pamaso pa mboni, ndipo wotsatira wavomera kale.

Apo ndi pamene aNambewe analankhula, kamodzi kokha tsiku lonselo. Mawu anali osasa, koma anafika.

“Aphiri, ndiye m'mawa muja chinali chisanu chabe?”

Ndakhala zaka zambiri, ndachita zopusa zambiri, koma sindinafunepo kuti nthaka inditsegukire monga nthawi imeneyo. Mayi uja anakhala tsiku lonse, anaperekeza mwamuna wake kumanda, mtima uli pansi chifukwa anandiona m'chikhoti, akuti ana anga apeza wowasunga. Ine ndinali nditaona kuomba m'manja kuja, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe.

Kumbuyo kwa bwalo wina anayetsemula mwamphamvu. Anali aTembo, dothi la kumanda likadali m'miyendo. Anapempha kulankhula, ndipo okumba manda sakanizidwa.

“Pepani akuluakulu, chimfine ichi si cha mphepo. Ndi fodya wa malemu. Watipatsa ndi mnyamata uyu m'mawa, ndi dzanja lake, kuchokera m'kanyanga kaja, atavala chikhoti chija mpaka kumapazi ngati wansembe. Tinalipo asanu ndi mmodzi. Tsono ine sukulu sindinapite, ndingofunsa: munthu amagawa fodya wa mwini wake, kapena wake?”

Anzake asanu aja anavomereza, wina anayetsemulanso, ndikukhulupirira mongowonjezera. Anthu anayamba kuseka chamumtima, kuseka kwa pamaliro kotsekera pakamwa.

Kalaliki sanaseke. Anati ngati zili choncho nkhani yasintha, pakuti pali lamulo lachiwiri, ndipo mwina nalonso linali m'mimba mwa chiswe. Wokana ayenera kukana asanakhudze kanthu. Amene watenga kale chinthu cha malemu n'kuchigwiritsa ntchito ngati chake walandira, ndipo walandira zonse. Sungadye mnofu n'kukana fupa. Kukana kobwera pambuyo pake ndi mphepo chabe.

Jailosi anadumpha. Anati fodya wa m'mphuno si chuma, ndipo chikhoticho mwina achimwene anavala mosadziwa, mumdima, aliyense akuona kuti ndi munthu wosokonezeka ndi mabuku. Anandiloza n'kuti:

“Nenani nokha, ndinu a tchalitchi, simunama. Munavala mukudziwa?”

Ndinaona kuti njira zatsala ziwiri, ndipo zonse ndi zamanyazi. Ndinasankha yoona.

“Chikhoti ndinavala mosadziwa,” ndinatero. “Ndinayesa changa, ngakhale chinkakwekwereza pansi. Koma fodya ndinagawa ndikudziwa bwino lomwe kuti ndi wa malume. Ndinachita manyazi kunena kuti ndalakwitsa.”

Apa ndiye anthu analephera kudzigwira. Ngakhale bwana wanga wa kusitolo, kumthunzi kwake kuja, anaphimba nkhope ndi kofia. Kalaliki anadikira phokoso lithe n'kunena kuti zakwana, amene wagawa akudziwa wagawa ngati mwini. Nkhalamba yosaona ija inafunsa ngati pali wotsutsa, ndipo panalibe, kupatula Jailosi amene anavala chipewa chake n'kupita kukhola kukatsanzikana ndi ng'ombe.

Ndinatsala ndi mantha anga a chokolo, ndipo ndinawanena monong'ona, mutu uli pansi. Nkhalambayo inadabwa. Inati zimenezo anakambirana kale ndi mphunzitsi wa katekisimu malume akadali m'chipatala: ine ndidzasunga aNambewe ngati mayi anga, m'nyumba mwawo momwemo, ndipo palibe wolowa m'nyumba ya mnzake. Anati akadandiuza dzulo, koma anandiona ndili wotanganidwa ndi pepala.

Dzuwa polowa anthu anali atabalalika. Mafuwa anatsala akuda, agalu akununkhiza m'maphulusa. Akazi ochepa otsala kugona ndi aNambewe anali m'nyumba, osalira tsopano, akungolankhula motsitsa. Nyumbayo inaoneka yaikulu popanda chifuwa cha malume chimene tinazolowera kuchimva kuchokera kumsewu. Ng'ombe zinalowa m'khola zokha, pa nthawi yake, ngati palibe chachitika.

Ndinakhala pakhonde ndekha. ANambewe anatuluka, anachotsa chikhoti chija pa chikhomo, anapinda manja ake kawiri kuti afupike, n'kuchiika pa mawondo anga. Sanandiyang'ane. Ndinayesa kupepesa, iwo n'kulowa m'nyumba. Kunena zoona ndikadakonda akadanditukwana.

Patapita kanthawi aTembo anadutsa, atasamba, akupita kwawo. Anaima, anakhala pa chitsa pafupi nane, n'kutambasula chikhatho. Ndinapisa m'thumba la kumanja n'kuwathirira. Ananunkhiza, anapukuta mphuno, anayang'ana kukhola. Ndinawafunsa ngati m'mawa muja anadziwa kuti chikhoticho ndavala molakwitsa.

“Aphiri, mbuzi itavala chikopa cha ng'ombe ndingalephere kuona? Ine fodya ndinali naye wanga m'thumba. Ndinapempha dala, poti dzulo munandiwerengera theka la tsamba, ndipo ndinaona kuti mukupita nalo kuphompho mukumwetulira.”

Anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo, n'kuloza ndi chibwano chitseko cha nyumba ya malume.

“Theka linalo chiswe sichinadye ayi. Linali m'nyumbamu dzulo lonse, litamanga nsalu m'mimba. Mukadangogwada pakhomo n'kufunsa, likadakuwerengerani lokha.”